Madzi a Lowe m'Diso la Okalamba

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi, ndipo tailemba muno kuti mafumu aiwerenge pa misonkhano ya m'midzi.

 Lero sindikamba za mbeu kapena za feteleza iai. Ndifuna kukamba za maso a makolo athu. Wina afunsa kuti, kodi mlangizi wa ulimi ndi maso zikugwirizana pati? Yankho nlakuti makasu ambiri kwathu kuno ali m'manja mwa okalamba, ndipo mlimi amene diso lake lafa pakati sangathe kusankha mbeu, sangathe kuona muyeso wa mankhwala othira m'chimanga, ngakhale kuwerenga ndalama zimene wogula nandolo wamupatsa. Ndiponso nthenda imene nditi ndikambeyi ndi ya madzi oima posayenera, ndipo za madzi oima m'munda inu ndi ine timazidziwa bwino.

Tiyambe ndi kapangidwe ka diso. Kutsogolo kuli mwana wa diso, ndipo kuseri kwake kuli kagalasi kolowetsa kuwala. Kagalasi kameneka kakachita mtambo ndiye timati munthu ali ndi ng'ala. Ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri kuno kwathu. Dr. Khumbo Kalua ndi anzake anayesa maso a anthu 3,430 a zaka 50 ndi kuposerapo m'chigawo chino cha kumwera, ndipo mu 2011 analemba kuti anthu atatu pa 100 ali onse anali akhungu, ndi kuti pafupifupi theka la iwo inawachititsa khungu ndi ng'ala. Mwai wake ng'ala amaichotsa ndi opaleshoni ya kanthawi kochepa, munthu nkuonanso. Koma nthenda ya lero siiri kutsogolo kumeneko. Iri mkati mwenimweni, pa khoma la kumbuyo kwa diso, pamene pali kansalu kopyapyala ngati mapepala awiri kapena atatu, kamene madotolo amakatcha retina. Kansalu kameneka ndiko kamalandira chithunzi cha zonse zimene tiona ndi kuchitumiza ku ubongo. Pakati pake pali kamalo kosaposa njere ya nandolo, dzina lake macula. Kamaloka nkakang'ono ndithu, koma ndi pomwe timaonera nkhope ya munthu, kaboo ka singano, chilembo cha m'buku ndi nankafumbwe woyenda pa chimanga. Mbali yotsala ya retina imangotionetsa za m'mphepete, zokwanira kuti tiyende osagunda mtengo.

Munthu akapitirira zaka 50, makamaka akafika 60 ndi 70, macula imayamba kuguga monga nthaka yolimidwa zaka zambiri. Kwa odwala ambiri kugugako kumadza pang'onopang'ono, kopanda madzi, ndipo madotolo amati umenewo ndi mtundu wouma. Koma kwa wodwala mmodzi pa khumi ali onse, kapena kuposa apo pang'ono, pansi pa kansalu kaja pamamera timitsempha ta magazi tatsopano, tosafunika, tofooka ngati mbeu yomera pamthunzi. Timitsempha timeneti timachucha madzi, nthawi zina magazi amene, ndipo macula imatupa. Uwu ndiwo mtundu wonyowa. Odwala ake ngochepa, koma ndiwo umaononga diso msanga, pa masabata kapena miyezi yowerengeka chabe.

Kale ena ankati iyi ndi nthenda ya Azungu. Nzoona kuti imawagwira iwo koposa ife, komatu sitinapulumuke. Ku Nakuru m'dziko la Kenya, mu 2007 ndi 2008, anayesa anthu zikwi zingapo a zaka 50 ndi kuposerapo, ndipo anapeza zizindikiro zoyamba mwa anthu 11 pa 100 ali onse, pamene mmodzi pa 100 nthendayo inali itafika poipa. Kuno ku Blantyre palinso njira ina imene madzi omwewa amalowera pa macula, ndiyo matenda a shuga. Mu 2011 ndi 2012 madotolo, pamodzi ndi Dr. Gerald Msukwa, anayesa maso a odwala shuga 357 pa zipatala zazikulu za Blantyre ndi Zomba. Theka la iwo shuga inali itakhudza kale retina, ndipo 29 pa 100 ali onse inali itafika poopseza maso. Chotero zimene nditi ndinene za madzi a m'diso, wodwala shuga azimvere ngakhale asanamere imvi.

Madzi osefukira, ngati amene namondwe wa Freddy anatigwetsera mu March 2023, munthu ali yense amawaona nathawa. Amene ndikunena ine ndi madzi a lowe, obwera mwakachetechete, amene umawazindikira chimanga chitayamba kale chikasu. Diso silipweteka, silifiira, silituluka manthongo. Ukaliyang'ana liri loyera bwinobwino. Chizindikiro choyamba nchakuti zinthu zoongoka zimaoneka zokhota. Felemu ya chitseko imaoneka yopindika, mzere wa njerwa umaoneka ngati njoka. Pambuyo pake pakati pa chinthu chimene munthu akuyang'ana pamabwera banga lotuwa kapena lakuda. Popeza tiri ndi maso awiri, labwino limabisa tsoka la linzake, ndipo ambiri amazindikira mochedwa. Tsono yesani motere, kamodzi pa sabata: phimbani diso limodzi ndi chikhatho, muyang'ane felemu ya chitseko kapena mizere ya malata, kenaka muphimbe linalo. Mukaona kukhota kumene kunalibe sabata latha, musadikire kuti mumalize kupalira. Ku Britain lamulo la zipatala zao likuti munthu wotere ayambe kulandira mankhwala pasanathe masiku 14.

Njira yathu ndi iyi. Yambani pa chipatala cha Bangwe, muwauze mau omwewa akuti zinthu zikuoneka zokhota, ndi kuti zayamba liti. Akakupatsani kalata pitani ku Gulupu. Ndikunena chipatala cha Queen Elizabeth, osati a Gulupu a kumudzi, ngakhale iwonso nkwabwino kuwadziwitsa. Kumeneko kuli chipatala cha maso cha Lions Sight First. Adzakudonthezani mankhwala okulitsa mwana wa diso kuti aone kumbuyo, ndipo kwa maora angapo mudzaona mwachimbuuzi, choncho mupite ndi wokuperekezani. Masiku ano madotolo a maso m'maiko ambiri amagwiritsanso nchito makina otchedwa OCT, amene anapangidwa mu 1991. Makinawa amajambula retina chopingasa osakhudza diso, monga momwe timakumbira dzenje kuti tione nthaka ya pamwamba, katondo ndi pamene madzi aima. Pa chithunzi chotero madzi amaoneka ngati timabowo takuda, ndipo dotolo amatha kuyesa kuya kwake.

Kwa zaka zambiri nthenda imeneyi inalibe mankhwala enieni. Mu 1989 Napoleone Ferrara, wogwira nchito ku kampani ya Genentech ku America, anapeza kanthu ka m'thupi kamene kamalamula mitsempha kuti imere ndi kuchucha, kotchedwa VEGF. Kuchokera apo anthu anapanga mankhwala omanga kanthuko. Amodzi mwa oyamba, a Avastin, anapangidwira khansa ya m'matumbo, koma mu 2005 Dr. Philip Rosenfeld wa ku Miami anayesa kubaya kadontho kake m'diso, ndipo madzi anaphwa. Panatsatira Lucentis mu 2006, Eylea mu 2011 ndi Vabysmo mu 2022. Inde, ndanena kubaya m'diso. Musadzidzimuke. Amayamba adontheza mankhwala ochititsa dzanzi, singano yake njopyapyala kwambiri, imalowa pa choyera cha diso, ndipo kubayako kumatha musanawerenge kufika 20. Pa mayeso a odwala 716 amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006, mwa amene anabayidwa mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu, 95 pa 100 maso ao sanatsike kwambiri, pamene mwa osalandira mankhwala anali 62 okha. Ndipo mmodzi mwa atatu kapena anai anayamba kuona bwino koposa poyamba, nawerenga mizere ina itatu pa bolodi loyesera maso.

Tsono apa mpamene ndifuna mutchere khutu. Jekeseni ameneyu sazula timitsempha tija. Ali ngati khasu pa udzu wa kapinga. Mwapalira lero munda wayera, koma mizu yatsala pansi, ndipo mvula ikagwa kawiri kapinga wabwerera. Mphamvu ya mankhwala imatha pa mwezi umodzi kapena iwiri, timitsempha nkuyambanso kuchucha. Nchifukwa chake dotolo amayamba ndi jekeseni atatu, mwezi ndi mwezi, ndipo akaona kuti diso lauma amatalikitsa nthawi pang'onopang'ono, masabata 6, kenaka 8, mpaka 12 kapena 16. Madzi akabwerera amafupikitsanso. Kwa odwala ambiri ulendo umenewu ngwa zaka, osati wa nyengo imodzi.

Nanga zaka zikapita maso amakhala bwanji? Ku America kunachitika mayeso akulu otchedwa CATT, amene anayamba mu 2008 ndi odwala pafupifupi 1,200. Choyamba anapeza chinthu chotikomera ife osauka, chakuti Avastin, amene pa nthawiyo kadontho kake kanali madola ngati 50, amagwira nchito mofanana ndi Lucentis wa madola ngati 2,000. Mu 2013 bungwe la World Health Organization linaika Avastin pa mndandanda wa mankhwala ofunika a maso. Chachiwiri chinadziwika mu 2016, pamene anayesanso odwala 647 patapita zaka zisanu. Theka la iwo anali kuonabe bwino, kokwanira kuwerenga ndi kuzindikira nkhope, chinthu chimene kale sichikanatheka. Koma mmodzi mwa asanu maso ake anali ataipa kwambiri, ndipo kuwatenga onse pamodzi, phindu lija la zaka ziwiri zoyamba linali litatayika. Mayesowo atatha pa zaka ziwiri, odwala anabwerera kwa madotolo ao nayamba kulandira jekeseni anai kapena asanu okha pa chaka, ndipo mwa ena macula inali itachita chipsera kapena kufota. Taonani, amenewa ndi anthu okhala ndi galimoto pakhomo ndi miseu ya tala. Nanga ife?

Chinanso chimene anaona nchodabwitsa. Pa zaka zisanuzo, maso 83 pa 100 ali onse anali akadali ndi madzi, koma si onse amene anali kuona moipa. Kusiyana kunali pa malo amene madziwo aima. Mlimi amva msanga ndikanena motere. Madzi oima m'khwawa pakati pa mizere, ochepa, chimanga chimawapirira, ndipo enafe timachita kumanga ngonyeka kuti tiwasunge. Koma madzi akalowa mu mzere weniweniwo, mizu nkumira, chimanga chimachita chikasu ndi kupinimbira, ngakhale madziwo aphwe pambuyo pake. M'diso ziri chimodzimodzi. Pali madzi olowa mkati mwa kansalu, pakati pa timinyewa toonera, ndipo pali madzi ongoima pansi pake nakatukula pang'ono. A mkati aja ndiwo oipa. Odwala amene anali nao pakati pa macula ankaona moipa koposa onse, ndipo madotolo salola kuti madzi otere akhalitse. A pansi aja, akakhala ochepa ndi osaonjezeka, diso limawapirira, ndipo pa mayeso a CATT maso okhala ndi madzi oterewa sanali oipa kuposa maso ouma.

Ku Australia, Professor Robyn Guymer ndi anzake anafuna kutsimikiza zimenezi pa odwala 349. Gulu lina analibaya mpaka dontho liri lonse litauma. Gulu lina analilola kukhala ndi timadzi ta pansi, takuya kosaposa mapepala awiri, malinga mkati mwa kansalu muli mouma. Mu 2019 analemba kuti patapita zaka ziwiri magulu onse awiri ankaona mofanana, ndipo gulu lachiwiri linalandira jekeseni pafupifupi 16 m'malo mwa 17. Kunena zoona, kupulumutsa jekeseni mmodzi pa zaka ziwiri si phindu lalikulu. Phindu lake kwa ife nlakuti timvetse mau a dotolo. Akanena kuti timadzi tatsala koma mubwere patapita masabata asanu ndi atatu, sakukunyozani. Ndipo akanena kuti madzi alowa mkati, mubwere mwezi wa mawa, sakufuna kukudyerani ndalama za ulendo. Koma kusiyanitsa madzi awiriwa ndi nchito ya iye amene waona kumbuyo kwa diso. Wodwala sangadziwe yekha ali kunyumba.

Chachitatu, ndicho chimene chimandidetsa nkhawa ndikaganiza za ku Bangwe. Mu 2020 madotolo anawerenganso mbiri ya odwala 1,731 a ku America ndi ku Britain, ndipo anapeza kuti maso amene retina yake inkatupa ndi kuphwa, kutupa ndi kuphwa, mobwerezabwereza, ndiwo anaona moipa pamapeto, ndiwonso anachita zipsera ndi kufota kawirikawiri. Mukudziwa khoma la zidina, likamanyowa ndi kuuma chaka ndi chaka limang'aluka. Tsono taganizani kayendedwe ka chaka chathu. Mu May ndi June, titakolola, ndalama ya minibasi yopita ku Limbe ndi kukafika ku Gulupu imapezeka. Mu December timati tidzapita tikabzala, mu January timati tikapalira, mu February m'nyumba mulibe ufa ndipo kakobiri kali konse kakupita ku chigayo. Agogo amene anabayidwa katatu naona bwino amadziuza kuti achira. Akamabwerera mu April, madzi akhala miyezi inai, ndipo pamene panali madzi pali chipsera. Chipsera cha pa macula palibe jekeseni kapena opaleshoni yochichotsa.

Apa ndiye pali nchito yanu, mafumu. Inu mumadziwa nkhalamba iri yonse ya m'mudzi mwanu ndi amene amaisunga. Munthu akauzidwa kuti azibwerera ku chipatala cha maso, kaya nchifukwa cha ukalamba, kaya nchifukwa cha shuga, itanani mwini mbumba mukhale pansi. Tsiku lobwerera lilembedwe pa kalendala ndipo lidziwike kwa anthu awiri, osati wodwala yekha, pakuti iye sangathe kuwerenga zimene zalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Pasankhidwe mdzukulu woperekeza. Pogulitsa nandolo kapena chimanga, ndalama ya maulendo a m'dzinja ipatulidwe nthawi yomweyo, monga timapatulira mbeu, kapena isungidwe ku banki m'khonde. Tsiku la chipatala likagwa pa nyengo yopalira, abale agwire mundawo tsiku limenelo. Kusiya munda tsiku limodzi sikupha chimanga.

Wobayidwa akabwera kunyumba, kwa masiku awiri kapena atatu asatikite diso, asalowetsemo madzi a kumtsinje, ndipo asapite kokapuntha kapena kupeta kumene kuli fumbi. Kadontho ka magazi pa choyera cha diso sikoopsa, kamatha kokha. Koma diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira ndi kuchita mdima, abwerere ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti tizirombo tingakhale titalowa. Zimenezi sizichitika kawirikawiri, sizifika kamodzi pa jekeseni 1,000, koma zikachitika diso lingafe pa masiku awiri. Za mankhwala a zitsamba odonthezera m'maso ndinene mosabisa. Madziwo ali kumbuyo kwa diso kumene msuzi wa tsamba sungafike, ndipo chimene ungachite nkutentha kutsogolo kumene kunali kwabwino.

Mafumu, pali mlandu wina umene udzafika pa bwalo lanu. Popeza wodwala nthenda iyi amaonabe za m'mphepete, amayenda yekha, amaona nkhuku ikudutsa pambali, koma mpongozi wake ataima patsogolo pake samuzindikira. Abale amayamba kunena kuti akunamizira khungu pothawa nchito, kapena kuti wayamba mwano. Si mwano umenewo, ndi mmene nthendayi iliri. Ndiponso ena amene maso ao afa pakati amaona zinthu zimene palibe, anthu ang'onoang'ono, maluwa, nyama kapena mizeremizere pa khoma, iwo ali ndi nzeru zao zonse. Munthu wina wa ku Geneva, Charles Bonnet, analemba za zimenezi mu 1760 ataziona mwa agogo ake amene. Ndi ubongo umene ukudzipangira zithunzi chifukwa diso laleka kuutumizira. Nkhalamba ikakuuzani zotere musalole kuti wina aitchule mfiti kapena wamisala. Itumizeni kwa dotolo wa maso.

Pomaliza ndibwerere ku munda, kumene kuli kwanga. Mwa zinthu zonse zimene munthu angathe kusintha, fodya ndiye mdani wamkulu wa macula. Wosuta ali pa ngozi yodwala nthendayi kawiri kapena kuposa, poyerekeza ndi wosasuta. Ndikudziwa kuti fodya wa ku okushoni ya ku Limbe waphunzitsa ana ambiri, koma kumlima ndi kwina, kumsuta ndi kwina, ndipo chingambwe chokulunga nokha sichiposa ndudu ya m'sitolo pa ubwino. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga kayezetseni, ndipo mankhwala ake musadumphitse. Za chakudya, macula iri ndi utoto wachikasu umene umaiteteza ku kuwala, ndipo thupi silipanga lokha utoto umenewu. Umachokera ku masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, kholowa ndi chigwada, ku chimanga chachikasu ndi ku chikasu cha dzira. Masamba muwaphike ndi nsinjiro kapena timafuta pang'ono, chifukwa utotowo umalowa bwino m'thupi pamodzi ndi mafuta. Koma ndisakunamizeni. Ndiwo zamasamba zimathandiza diso limene lisanayambe kuchucha, ndi diso lachiwiri la munthu amene loyamba ladwala, pakuti kawirikawiri nthendayi imatsatira ku linalo. Madzi amene alowa kale bonongwe sangawaphwetse. Diso lachiwirilo muziliyesa pa felemu ya chitseko sabata liri lonse, ngakhale pamene loyamba likulandira jekeseni.

Sabata la mawa, nthawi yonga yomweino, tidzakamba za kasungidwe ka chimanga m'matumba.